Zilembo za Madzi

Anthu amene ankawadziwa kuyambira kale ankawatchula kuti a Burashi, ndipo iwo sanalikanepo dzinalo. Kwa zaka makumi anayi ndi ziwiri ntchito yawo inali yolemba zikwangwani. Mumsewu wawo munalibe sitolo, malo ometera kapena garaja imene dzina lake silinadutse m'manja mwawo. Ankagwirira ntchito m'shedi ya malata kuseri kwa nyumba yawo, shedi yotseguka mbali imodzi, yokhala ndi simenti yosalala imene anaitsira okha chaka chimene anakwatira.

Chimene makasitomala ambiri sankadziwa n'chakuti pa zaka zitatu zoyambirira za ntchitoyi, a Burashi sankatha kuwerenga zimene ankalemba. Sukulu anaisiyira kalasi yachitatu, ataibwereza katatu. Akamakumbukira masiku amenewo sankatchula ndodo, ankatchula inki yofiira: tsamba lililonse la kope lawo linkabwerera lili ndi mitanda yochuluka kuposa zilembo zimene iwo analemba. Mmisiri amene anawatenga anawaphunzitsa zilembo monga zinthu zongojambula: ichi chili ndi miyendo iwiri ndi lamba, ichi ndi njoka, ichi ndi mtengo woima wokha. Kuwerenga kunawapeza ali ndi zaka makumi awiri, ali pa makwerero, pamene anazindikira kuti zinthu zinayi zimene anali atangopaka pakhoma zinali kunena kuti SOPO. Anatsika n'kukhala pansi kanthawi. Akazi awo, amene nkhaniyi anaimva kambirimbiri, ankati mwamuna wawo ndi munthu yekhayo amene sopo anamutsegula maso, pakuti ena onse sopo amawatsinzinitsa.

Makina osindikiza zikwangwani pa pulasitiki atafika, ntchito inayamba kuchepa, kenako inatheratu. Anthu ankafuna chithunzi cha nkhuku yooneka ngati yamoyo, ndipo ankachifuna tsiku lomwelo. A Burashi sanadandaule pagulu. Loweruka lililonse ankatsukabe maburashi awo ngakhale anali oyera kale, n'kuwaimika m'chitini mitu ili m'mwamba, motsatana ndi kukula kwake. Pakona ya shediyo panatsala bolodi limodzi lopakidwa penti yoyera katatu, limene mwini wake sanabwerenso kudzalilembetsa.

Shediyo itakhala zaka ziwiri yopanda ntchito, bungwe lina laling'ono lothandiza ana amene sukulu yawakanika linaipempha kuti liziigwiritsa ntchito m'mawa. Linabweretsa mabenchi anayi, bolodi lakuda ndi mphunzitsi mmodzi, mtsikana wophunzira bwino, wovala magalasi, amene ana ankamutchula kuti Madamu. Anawo analipo khumi ndi asanu ndi anayi. Ena anachotsedwa sukulu chifukwa chojomba, ena anatopa kukhala benchi limodzi ndi ang'ono awo, ndipo awiri ankatha kumasula njinga yonse n'kuimanganso koma sankatha kulemba maina awo. Cholinga cha bungwelo chinali chomveka: mwana akhalepo chaka chimodzi kapena ziwiri, kenako abwerere kusukulu wamba kapena akaphunzire ntchito yamanja.

Udindo wa a Burashi unali wotsegula geti ndi kusesa basi. Akamaliza ankakhala pa chitini chakale cha penti n'kumaonerera. Pooneramo ndi pamene anaona mtsikana wina wa zaka khumi ndi zitatu, amene ankakhala kumapeto kwa benchi lomaliza atakhalira manja ake. Chilichonse chimene ankafunsidwa, ngakhale kuti lero ndi lachingati, yankho lake linali limodzi: “Sindikudziwa.” Anzake analifupikitsa yankholo n'kumamutchula kuti Sindi. Akapatsidwa pensulo ankaigwira mwamphamvu mpaka nsonga kuthyoka, ndipo akalemba chilembo chimodzi ankachifufuta mpaka pepala kubooka. Madamu anayesa nyimbo, anayesa makadi, anayesa kumukhazika kutsogolo, koma palibe chinaphula kanthu. A Burashi matendawo anawazindikira msanga, pakuti anadwalapo okha.

Tsiku lina pa nthawi yopuma anatunga ndowa ya madzi, natenga burashi yaikulu, n'kulemba S wamtali ngati mkono pa simenti, mbali imene dzuwa linkafika. Anaima n'kumamuyang'ana mpaka anauma n'kuzimiririka. Ananena, ngati akulankhula ndi malata, kuti simentiyo ndiyo kasitomala wawo wabwino koposa, chifukwa sinabwezepo ntchito. Kenako anasiya burashi ina pafupi ndi phazi la Sindi n'kupita kukamwa tiyi. Pobwerera anapeza mizere yonyowa, yokhotakhota, ikumaliza kuuma, ndipo mtsikanayo anali atakhaliranso manja ake.

“Pano palibe cholakwa chimene chimakhalitsa mphindi ziwiri,” anamuuza. “Ngakhale ine ndikafuna kukukalipira, ndipeza umboni wauma kale.”

Sabata isanathe ana onse ankafuna burashi. Madamu anavomera kuti pakhale theka la ola tsiku lililonse, ndipo m'malipoti ake ankalitchula kuti nthawi ya madzi. Ana ena ankangosangalala nayo n'kubwerera ku makope awo, koma Sindi anaigwiritsitsa. Pomatha miyezi isanu ankalemba zilembo zonse, zoongoka bwino, ndiponso ankawerenga zimene walemba zisanaume. A Burashi anamuphunzitsa mmene iwo anaphunzirira, pakuti njira ina sankaidziwa. Wolemba zikwangwani sayambira kumanzere. Amayamba wawerenga zilembo za liwulo, chopyapyala monga I n'kuchiwerenga theka, chotakasuka monga M n'kuchiwerenga chimodzi ndi theka. Akapeza pakati amayambira pamenepo, n'kumaonjeza chilembo kumanja, china kumanzere, kuti liwulo likhale pakatikati pa bolodi ndipo malo otsala m'mbali alingane.

Madamu anawachenjeza kangapo, mwaulemu. Anati kusukulu kumene Sindi adzabwerere amayambira kumanzere, ndiponso kuti mwanayo ayenera kuchoka pa simenti n'kupita pa pepala. A Burashi nthawi zonse ankayankha kuti sabata yamawa. Akazi awo sankawanyengerera chotero. Poona simenti yonyowa tsiku ndi tsiku, anawafunsa ngati mwana wa eni akumuphunzitsa kulemba kapena kukolopa. A Burashi anaseka, koma mumtima ankadziwa chimene chinkawachedwetsa. Ankaopa kuona manja aja atabwereranso pansi pa ntchafu. Komanso, kunena zoona, ankanyadira kuti ndowa yawo yachita zimene mabuku anakanika.

Lachiwiri lina mayi ake a Sindi anabwera. Ankagwira ntchito yosita pamalo ena ochapira zovala, ndipo masiku opuma ankasitira anthu oyandikana nawo kunyumba kwawo. Diresi lawo linali lakale koma lopanda khwinya ngakhale limodzi, ndipo padzanja lawo lamanja panali tizipsera ta simbi. Atapereka moni, anapempha kuona kope la mwana wawo. Madamu analitulutsa. Masamba atatu oyamba anali obooka, ena onse anali oyera monga anachokera kusitolo.

Madamu anafotokoza za nthawi ya madzi mwadongosolo. A Burashi anaonjeza kuti mwanayo ali ndi dzanja labwino kuposa anyamata onse amene anawaphunzitsapo, ndipo poti atsimikize mawu awo analoza pansi. Mayiwo anayang'ana pamene analozapo. Panali simenti youma, yosesedwa bwino. Sindi anaitanidwa kuti alembe, koma ataona maso a mayi ake anangoweramitsa mutu.

Mayiwo sanakweze mawu. Anati kusukulu yakale kope linkabwerako ndi mitanda yofiira, komabe mitandayo inkasonyeza kuti pali munthu amene analitsegula. Anati mng'ono wawo, amene amakhala kutali, wabereka mapasa ndipo akufuna womuthandiza kulera, ndipo mtsikana wa msinkhu uwu sangamathere chaka akusewera ndi madzi.

“Ine sindinabwere kudzakangana nanu, bambo,” anatero potsanzika. “Lachisanu masana ndibweranso. Mundionetse chinthu choti ndigwire m'manja. Ngati palibe, Loweruka mwanayu akupita kwa mng'ono wanga.”

Madamu sananene kuti anawachenjeza, koma mmene ankalongedzera choko m'kabokosi zinkamveka bwino lomwe. Lachitatu anakhala ndi Sindi pambali ndi pensulo yatsopano. Nsonga inathyoka kawiri, ndipo liwu lija lakuti “Sindikudziwa,” limene linali litasowa kwa miyezi itatu, linabweranso. A Burashi anamva ali pa chitini chawo, ndipo anavomera mumtima kuti vutoli analilenga okha. Anamutengera mwanayo kumalo kumene zolakwa zimauma, n'kumusiya komweko.

Lachinayi ana ena atapita, anatulutsa bolodi loyera lija n'kulipukuta. Anatsegula chitini cha penti ya buluu, nachotsa chikhungu chimene chinauma pamwamba, n'kuisefa pa sokosi yakale. Kenako anafunsa Sindi ngati pakhomo pa mayi ake pali chikwangwani. Mtsikanayo anati palibe, ndipo anthu obweretsa zovala nthawi zambiri amagogoda kwa aneba, amene atopa nazo. Anagwirizana mawu atatu: TIMASITA ZOVALA PANO. A Burashi anajambula kukula kwa bolodilo pa simenti ndi choko, ndipo Sindi anawalemba mawuwo ndi madzi kasanu ndi kamodzi, osaphonya. Pomaliza anamuuza mosabisa kuti mawa adzalemba ndi penti, ndipo penti ikauma siizimiririka. Sindi anafunsa chimene chidzachitike akalakwitsa.

“Ukalakwitsa zidzaoneka,” anayankha. “Zikaoneka, tidzaona chochita.”

Dongosolo linali lakuti mayiwo adzapeze chikwangwani chatha. Koma Lachisanu makina ochapira kuntchito kwawo anaonongeka, ositawo anauzidwa kuti azipita, ndipo mayiwo anatulukira pageti isanakwane teni koloko. Bolodi linali patebulo, litatsamira khoma, mizere ya choko italembedwa kale, koma chilembo chinali chisanalembedwe ngakhale chimodzi. Madamu anatenga ana ena n'kupita nawo mbali ina ya shedi kukawerenga motsitsa mawu. Mayiwo anakhala pa benchi lakutsogolo, chikwama chili pamiyendo.

Sindi anayang'ana a Burashi, iwo n'kugwedeza mutu. Anaviika burashi, naichepetsa penti m'mphepete mwa chitini, ndipo analemba A pakati pa mzere wapamwamba. Kumanja kwake analemba S. Mayiwo anawerama pang'ono kuti aone bwino. Kenako mtsikanayo anabwerera kumanzere kwa A n'kulemba M, napitanso kumanja n'kulemba I. Zilembozo zinali zoongoka, zofanana msinkhu, ndipo a Burashi ankazionerera ndi mtima wodzaza, osaona kuti nkhope ya mayiwo yasintha.

Kusukulu yakale mayiwo anauzidwa kuti mwana wawo amatembenuza zinthu, ndipo mutu wake sudzagwira. Tsopano ankaona ndi maso awo akulemba chobwerera m'mbuyo. Anaimirira n'kukoleka chikwama paphewa.

“Masi n'chiyani?” anafunsa. “Miyezi isanu yonseyi, bambo, mwakhala mukumuonerera akulemba chafutambuyo chonchi?”

Burashi ya Sindi inaima m'malere, penti n'kuyamba kusonkhana kunsonga. Pamenepo m'pamene a Burashi anazindikira kulakwa kwawo kwachiwiri. Kwa zaka makumi anayi ndi ziwiri ankayambira pakati, ndipo sanaganizepo mmene zimaonekera kwa munthu amene sanagwirepo ntchitoyi, pakuti makasitomala ankabwera ntchito itatha. Akanayamba kufotokoza za theka ndi pakati, mayiwo akanafika pageti asanamalize. Anayang'ana tizipsera ta padzanja paja.

“Mayi, malaya a bambo mumayambira pati posita?”

Mayiwo anawayang'ana ngati munthu amene wafunsidwa zopanda pake, komabe ntchito yawo sakanailola kuti inyozeke. Anayankha mwachidule kuti amayambira kolala, mkati mwake kaye, kenako mikono, kenako kumsana, ndipo kutsogolo kwa mabatani amamalizira, chifukwa n'kumene anthu amaona.

“Nanga munthu atakupezani mwangosita kolala yokha, n'kunena kuti simudziwa kusita, mungamutani?”

“Ndingamuuze akhale pansi adikire.”

“Benchi ndi limenelo, mayi,” anatero a Burashi.

Mayiwo anaima kanthawi. Pakamwa pawo panagwedezeka pang'ono ngati afuna kuseka, koma sanaseke. Anakhala pansi, chikwama chili paphewa.

Pa nthawi imene ankalankhulayo, dontho la penti linali litagwera pansi pa I n'kutsetsereka, kusiya mzere wa buluu wautali ngati chala. Sindi anauona. Dzanja lake lamanzere linapita kumbuyo, ndipo milomo yake inayamba kukonzekera liwu lija. A Burashi anali ndi kansanza konyowa palafini m'thumba la ovolosi yawo. Anakatulutsa, ndipo dzanja lawo linkafuna kupukuta lokha, monga linazolowera. Koma anangokaika pamphepete mwa tebulo n'kubwerera pa chitini chawo.

Sindi anakayang'ana kansanzako kwa nthawi ndithu. Kenako anakakulunga kuchala, napukuta mzerewo kuchokera pansi kupita m'mwamba, kuti penti isafalikire. Panatsala kamthunzi ka buluu kooneka ndithu. Anakayang'ana, naviikanso burashi, n'kupitiriza: I kumanzere, T kumanja, T kumanzere, A kumanja. Milomo ya mayi ake inkayenda mwakachetechete, ndipo pa chilembo chomaliza anatchula liwulo momveka. Anavula chikwama n'kuchiika pa benchi.

Mizere iwiri yotsalayo inatenga ola lathunthu ndi mphindi zingapo. Sindi ataika burashi pansi, mayiwo anayandikira bolodi. Sanayambe n'kuwerenga. Anatambasula dzanja n'kuyeza malo otsala kumanzere kwa mzere uliwonse, kenako kumanja, monga amayezera mzere wa thalauza. Anali ofanana. Anatembenukira mwana wawo n'kumufunsa kuti anadziwa bwanji poyambira.

“Ndinawerenga, amayi,” anatero Sindi, akuyang'ana bolodi. “I ndi hafu, M ndi wani ndi hafu. Zonse pamodzi ndi seveni ndi hafu. Ndiye pakati pakugwera pa mwendo wakumanja wa A uyu.”

Madamu, amene kwa milungu itatu anavutika kuphunzitsa theka ndi makota pa bolodi lakuda, anavula magalasi, nawapukuta, n'kulemba kenakake m'buku lake.

A Burashi anati kamthunzi kaja adzakaphimba ndi penti yoyera zikauma, ndipo palibe adzadziwe. Mayiwo anakana. Anati malaya oyamba amene iwo anasita anawaotcha paphewa, ndipo mwini wake anawavala zaka zitatu atabisa ndi jekete. Kenako ananena chigamulo chawo, mosanyengerera monga poyamba. Mng'ono wawo afune munthu wina. Sindi akhala mpaka chaka chithe. Koma Lachisanu lililonse akufuna kuona kope, lolembedwa kuyambira kumanzere ngati la ana a anthu ena, chifukwa pamayeso sadzapatsa munthu ndowa. Madamu anavomera mawuwo asanathe n'komwe. A Burashi anati mayiwo akunena zoona, ndipo ntchito imeneyo ndi ya Madamu, amene anakhala akuinena kuyambira kale.

Anawalangiza kuti bolodilo ligone m'shedi kuti liume, adzalitenge mawa. Mayiwo anati ananena kuti akufuna chinthu chogwira m'manja, ndipo sachoka chimanjamanja. Choncho analinyamula awiri chogoneka ngati thireyi, mayi kutsogolo, mwana kumbuyo, atagwira m'mphepete mokha, akuuzana kuti pang'onopang'ono podutsa pageti.

Lolemba a Burashi anabweretsa pensulo ya akalipentala, yonenepa ngati chogwirira cha burashi, imene nsonga yake siithyoka wamba, n'kuipereka kwa Madamu. Sindi analemba mizere inayi kuyambira kumanzere. Zilembo zinali zazikulu mopitirira, ndipo pepala linabooka malo amodzi. Pa nthawi yopuma anabwera nalo kopelo kudzadandaula kuti mawu onse akhamukira mbali imodzi, ndipo kumanja kwatsala malo ambiri. A Burashi anamuuza kuti pepala ndi mmene limafunira, ndipo azolowera, monga mmene iwo anazolowerera kukhala mumsewu wodzaza nkhuku za pulasitiki.

Nthawi ya madzi ikadalipo mpaka lero, koma mwana aliyense akakwanitsa mwezi umodzi pa simenti, a Burashi amamulanda burashi okha n'kumuperekeza ku benchi. Loweruka la sabata imene chikwangwani chija chinalembedwa anatsuka maburashi awo monga mwa masiku onse, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka ziwiri palafini anasanduka wa buluu. Akazi awo, podutsa ndi beseni la zochapa, anasuzumira m'chitinimo n'kufunsa ngati tsopano okolopa ayamba kugwiritsa ntchito penti.